Tiyi Amene Tidamwetsa Naphiri

Senderani kuno kumthunzi, ana inu, aliyense ndi lichero lake. Mtedza sudziswa wokha. Iwe Tadala, zala zakozo n'zofewa ngati za wansembe, zikatupa usakandinenere m'tauni kuti agogo amazunza. Chisomo, kafoniko kalowe m'thumba, sikathawa. Pali nkhani imene yandikhala pakhosi chaka chathunthu, ndipo lero ndikufuna muimve kuchokera pakamwa panga, osati kwa anthu a m'njira.

Mukudziwa kuti mudzi uno si kwathu? Ine ndine wa kufupi ndi Kachebere, kumene ukasochera pang'ono pokatola nkhuni umapezeka ukupatsa moni anthu a m'Zambia. Kuno ku Guilleme ndidabwera ndili mnyamata, kudzakhala chikamwini kwa agogo anu aakazi, Naphiri. Ndidafika ndi khasu, bulangeti limodzi, ndi njinga yakapalasa ya malume anga imene mpaka lero sindidabweze. Pamene mwakhalapo, mitengo ya mangoyi, munda wa kudambo uja, zonsezi n'za mtundu wa Naphiri.

Masiku amenewo matenda sadali a nyumba imodzi. Munthu akagona masiku awiri osaoneka kumunda, tsiku lachitatu pakhomo pake pankadzaza. Amayi ankabwera ndi timiphika ta phala, ena thobwa, ena mtolo wa nkhuni. Abambo ankakhala pa zitsa panja n'kumafunsa kuti wagona bwanji. Zikaoneka kuti zavuta, tinkadula nsungwi ziwiri, kumangirira bulangeti pakati, n'kunyamula wodwalayo mpaka kuchipatala tikusinthana mapewa. Tinkati machira. Inu simudawaonepo, ndipo simudzawaona.

Amayi anu omwe, Esinala, adatsala pang'ono kubadwira m'matope. Lidali dzinja, ndidabwereka ngolo ya ng'ombe ziwiri kuti nditengere Naphiri kuchipatala, ndipo pa dambo gudumu lidatitimira mpaka pakati. Anthu amene ankapalira m'minda ya pafupi adataya makasu n'kuthamanga. Sindinkawadziwa, iwonso sankandidziwa. Adakankha ngoloyo matope ali m'maondo, ndipo itatuluka adangopukuta manja pa udzu n'kubwerera ku mizere yawo. Palibe amene adafunsa dzina langa.

Nkhani za kutali tinkazimvera pa wailesi imodzi ya mabatire. Mabatirewo akafooka tinkawayanika padzuwa, ena ankachita kuwaluma kuti alankhuleko pang'ono. Mukuseka? Sekani. Koma mauthenga a maliro akayamba, aliyense ankakhala chete, chifukwa mudzi wonse unkamva chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Kanema adatipeza imvi zitamera kale. Tsiku lina kudabwera galimoto ndi makatoni, akuti ndi mphatso ya Matchaina ku midzi. Padali dishi yolozetsa kumwamba, sola ya padenga, ndi kanema wamkulu ngati chitseko. Adamuika m'kalasi ina pasukulu yapafupi apa. Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa tinkapita kumeneko. Anyamata ankafuna mpira ndi mafilimu omenyana, ndipo zimenezo zikatha ankatuluka onse phazi thandize. Tinkatsala ife okalamba, kuonera zimene zatsala. Zambiri zidali za ku China komweko. Chilankhulo sitinkamva, koma mphunzitsi wina wokoma mtima ankawerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi n'kumatimasulira.

Agogo anu adazikonda zimenezi kuposa wina aliyense. Ndikukumbukira tsiku lina akuonetsa mudzi wa m'mapiri, nkhalamba ziwiri zikuyanika chimanga pabwalo. Naphiri adandigwira pa bondo.

"A Banda, taonani anthu awo. Nanga ana awo ali kuti?"

Aphunzitsi aja adayankha kuti, "Akuti onse adapita ku mizinda kukagwira ntchito m'mafakitale. Amabwera kamodzi pachaka."

"Ndiye ndi ife amene," adatero Naphiri. "Tangosiyana chilankhulo."

Tidaona zambiri. Tidaona nyumba zazitali zomera pamene kale padali minda ya mpunga, eni mindayo atakhala m'zipinda za m'mwamba akusuzumira pawindo ngati nkhunda. Tidaona amayi okalamba akuvina pabwalo m'mawa, onse phazi limodzi, ndipo Naphiri atafika kunyumba adayesa kutengera pakhonde pompano mpaka adagunda mtondo. Ndidaseka mpaka misozi. Koma chimene chidawalowa mumtima chidali china. Adaonetsa dokotala wamkazi atanyamula chikwama, akukwera phiri wapansi kupita kunyumba ya gogo wina wokhala yekha. Adamuyeza pamkono, adamupatsa mankhwala, kenako adakhala pansi n'kumwa naye tiyi.

Pobwerera Naphiri adaima pa mlatho. Kenako adati, "Dokotala wobwera yekha pakhomo! A Banda, anthu aja mankhwala amawadziwa, ndipo okalamba amawasamala."

Ine ndidati, "Pakanema amaonetsa zabwino zokha, Naphiri. Ndi ndani amajambulitsa chimbudzi chake?"

Adandimenya ndi nsonga ya chitenje, koma mawu awo sadabweze.

Kanema uja sadakhalitse. Batire ya sola idafooka, wokonza sadapezeke, ndipo panthawiyo palibe amene ankadandaula, chifukwa mafoni adali atafika. Aliyense adali ndi kanema wakewake m'manja. Anyamata adayamba kulawirira ku boda ya Zambia, ena kukayendetsa kabaza, ena kutsitsa katundu m'mathiraki, ena kuthamangira alendo ndi mitolo ya makwacha a mbali zonse ziwiri. Atsikana adapita ku Lilongwe ndi ku Chipata. Esinala nayenso adapita kukagulitsa kaunjika, inu muli pamsana. Sindikuwadzudzula. Mtedza ndi chimanga zidasiya kudyetsa banja chaka chonse, ndipo mimba sidikira. Koma masana ukayenda m'mudzi muno unkangokumana ndi nkhuku ndi anthu oyendera ndodo.

Ndi m'nyengo imeneyo pamene Naphiri adayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Kuchipatala adati ndi kuthamanga kwa magazi, bipi imene mumaimvayi. Adatipatsa buku loti tizibwera nalo mwezi uliwonse, ndi timapiritsi toyera tomwa m'mawa. Kwa zaka zingapo ndidachita zimenezo mosaphonya. Ndinkapinda chitenje pa kaliyala, kuwakweza, n'kupalasa. Pa mtunda uja wa pambuyo pa dambo tinkatsika tonse, ine ndikukankha njinga, iwo akupumira m'mwamba pambuyo panga. Tikafika tinkakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anamwino adali ochepa, odwala ngati pamsika. Nthawi zina tinkafika pawindo n'kumva kuti mankhwala atha, mubwerenso sabata yamawa. Tinkabwerera chimanjamanja, ndipo sabata yamawayo mtunda udali womwewo. Maondo angawa adayamba kulira ngati chitseko chakale.

Chaka china pa Khirisimasi Esinala adabwera ndi jumbo la timapaketi tobiriwira ta tiyi. Adatigula kwa munthu wina wogulitsa ndi chimkuzamawu kufupi ndi boda. Adatulutsa foni n'kutionetsa kafilimu. Mudali munthu wovala gauni loyera m'chipatala chowala ngati galasi, ndipo pamwamba pake padali mawu a munthu wolankhula Chinyanja cha ku Zambia. Ankati tiyi ameneyu amatsuka magazi, ndipo womwa miyezi itatu safunanso mapiritsi moyo wake wonse.

"Amayi, mapiritsi aja mudzamwa mpaka liti?" adatero Esinala. "Abambo akutha ndi njinga. Anzanga kumsika akugulira makolo awo, ndipo akuti zikuthandiza."

Naphiri adatenga paketi imodzi n'kuitembenuza. Idali ndi zilembo zija zonga mapazi a nkhuku. Nkhope yawo idawala.

"Ndi wa kwa anthu aja," adatero. Kenako adatembenukira kwa ine. "A Banda, inu mukuti bwanji?"

Ana inu, mverani bwino pamenepa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Adandifunsa ine. Mtima unkandiuza kuti tenga paketi imodzi ukaonetse anamwino kaye. Ine ndemwe ndidanena kuti pakanema amaonetsa zabwino zokha. Koma ndidaganiza za mtunda uja, ndidaganiza za mzere, ndidagwira maondo anga. Ndidati, "Tiyeni tiyese."

Tiyiyo adali wonunkhira bwino, ngati maluwa. Ankamwa m'mawa ndi masana. Mapiritsi amene adatsala adamaliza, ndipo tsiku lathu la kuchipatala litakwana ndidawapeza atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, buku lili m'manja.

"Si lero tsiku lathu?" adandifunsa.

"Mutu ukuwawa?"

"Ayi."

"Chizungulire?"

"Palibe."

"Ndiye tikatani kumeneko? Tikangotsekereza odwala enieni."

Adandiyang'ana kanthawi, kenako adabweza bukulo m'sutikesi n'kuvula chitenje chija. Mwezi wotsatira sadafunsenso. Njinga ndidaipachika kudenga la khitchini kuti matayala asaole.

Dzinja lidatha bwino. Tidadya mondokwa, tidadya maungu, Naphiri adafutsa nkhwani zambiri kuposa chaka china chilichonse. Ndidayamba kudzitama mumtima kuti tidachita bwino. Matenda amenewa, ana inu, ndi ngati chiswe. Amadya nsichi mkati, kunja ikuoneka yamphumphu.

Masika atafika tidapita kukakumba mtedza kumunda wa kudambo. Udali m'mawa, mame asanaume. Ine ndidali patsogolo ndi khasu, iwo pambuyo akukutumula dothi. Ndidamva akuti, "A Banda, dzanja ili lachita dzanzi." Nditacheuka ndidaona mlomo wawo wakhotera mbali imodzi. Adayesa kulankhulanso koma mawu adatuluka ngati a munthu wa madzi m'kamwa. Kenako adagwa pakati pa mizere.

Ndidakuwa. Ndidakuwa mmene sindidakuwirepo chibadwire. Minda yonse yozungulira idali zii. Patapita nthawi kudatulukira gogo Nambewe, mnzawo wa Naphiri wa kuubwana, akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yake. Ndidamusiya pamenepo n'kuthamangira kumudzi, ngati kuyenda kwangaku mungakutche kuthamanga. Nyumba yoyamba yokhoma. Yachiwiri yokhoma. Ngolo palibe, ng'ombe zidagulitsidwa kalekale. Amuna anayi onyamula machira ndikadawatenga kuti? Potsiriza ndidapeza mayi wina akusinja, ndipo adaimbira mwamuna wake amene amayendetsa njinga yamoto ku boda. Adati akubwera, koma ali ndi kasitomala.

Ndidabwerera kumunda. Ndidavula malaya n'kuwatambasula pamwamba pa nkhope ya Naphiri kuwatchinga dzuwa. Nambewe ankawaingitsira ntchentche akunena Tikuoneni Maria. Maso a agogo anu adali otsegula, akundiyang'ana. Tidakhala choncho mpaka dzuwa lidafika pamutu. Njinga yamoto itabwera tidakwera atatu, iwo pakati, ine pambuyo nditawamangirira pachifuwa panga ndi chitenje ngati mwana.

Kuchipatala chachikulu adati ndi sitiroko, mbali yonse ya kumanja yafa. Dokotala adali bambo wachinyamata, waulemu ndithu. Adapempha buku lija, limene ndidachita kutumiza uthenga kuti alibweretse. Adatsegula, adatembenuza masamba, adabwereranso.

"Bambo, miyezi inayi palibe cholembedwa. Kodi mudasamuka?"

Ndidapisa m'thumba n'kutulutsa paketi yobiriwira imene idabwera pamodzi ndi bukulo. Adaiyang'ana, adapumira pansi, n'kundibwezera.

"Si inu oyamba," adatero.

Akadandikalipira zikadandipepukira. Koma adangotero basi, n'kupita pa bedi lina.

Masiku amene ndinkadikirira matenda ndidapita pa boma kukagula sopo kwa Che Mussa, Msilamu wa sitolo amene ndakhala ndikugulako machubu ndi masipoko a njinga kuyambira kale. Adaona nkhope yanga n'kundikokera mpando. Nditamufotokozera, adatenga paketi ija n'kuilozetsa foni yake. Foniyo idasandutsa zilembo za Chitchaina kukhala Chingerezi, iye n'kumawerenga pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Achimwene," adatero, "apa alemba kuti tiyi wa maluwa, womwa munthu akatha kudya. Alembanso kathiridwe ka madzi. Za magazi palibe. Za bipi palibe ngakhale liwu limodzi."

"Nanga dokotala wa m'kafilimu uja?"

"Ndani akudziwa zimene ankanena? Mwina ankakamba za mano. Mawu aja adachita kumatapo. Amene adapanga tiyiyu sadaname, achimwene. Bodza adaikapo ndi anthu athu omwe."

Ndidatuluka m'sitolomo sopo nditamuiwala pa kauntala.

Tidawabweretsa kunyumba, ndipo adagona miyezi isanu ndi iwiri m'chipinda icho. Sabata yoyamba anthu adabwera. Yachiwiri adachepa. Pofika chisanu tidatsala awiri. Ndidaphunzira kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni kumbali ya mlomo imene idali yamoyo. Kale ntchito imeneyi sikadagwiridwa ndi mwamuna, amayi a mbumba akadandithamangitsira panja. Koma amayi a mbumbawo adali kuti? Pa kafoni kanga kankabwera mauthenga ambiri, ena a zithunzi za manja opemphera. Manja amenewo sadatembenuzepo wodwala. Amene sadatope ndi amayi atatu okalamba a mphakati wathu wa kutchalitchi, Nambewe ndi anzake. Lachinayi lililonse ankabwera, kusesa, kuchapa, kuimba nyimbo imodzi ndi mawu awo onjenjemera, n'kumapita.

Esinala adabwera kawiri. Ulendo woyamba adaima pakhomo la chipinda, amake adamuyang'ana, iye adabisa nkhope m'chitenje n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ulendo wachiwiri adachapa zonse za m'nyumba, adaphika, adazira pansi, koma m'chipindamo ankalowa maso ali pansi. Ine ndidaona, koma sindidanene kanthu. Ndidali wotanganidwa ndi manyazi anga.

Tsiku lina m'chilimwe ndidawatulutsa pakhonde kuti apitidwe mphepo. Mawu adali atawathera, ankangotha kunena kuti "eya". Ndidakhala pambali pawo n'kunena kuti, "Naphiri, tsiku lija mudavala chitenje, buku lili m'manja. Ndidakubwezani ndine. Si mutu wanu umene ndinkaganizira, ndi maondo anga." Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi dzanja lamanzere adandigwira pamkono apa, mwamphamvu, osasiya. Sadanene "eya". Mpaka lero sindidziwa ngati kudali kundikhululukira kapena kundiuza kuti adadziwa kale.

Adatisiya mvula yoyamba itangogwa, fungo la dothi lili ponseponse. Pamaliro mudalipo, mudaona nokha. Anthu adadzaza mpaka kumsewu, magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Chipata, makwaya awiri, mafoni ali m'mwamba kujambula bokosi. Ndidakhala pa mphasa ndikuyang'ana khamu lonselo, n'kumaganiza kuti anayi okha mwa amenewa akadakwana tsiku lija kumunda. Koma sindidatukwane aliyense. Ndikadayambira pati, ine mwini wake nditapachika njinga?

Tsopano chaka chatha. Mwezi wathawu ankhoswe ndi alongo awo a Naphiri adandikhazika pansi kuti andisudzule, monga mwa mwambo, kutanthauza kuti ukwati watha ndipo ndili womasuka. Adalankhula mwaulemu. Adati mwatisungira mlongo wathu mpaka mapeto, mukafuna khalani. Koma ndakula, ndimadziwa kusiyanitsa mawu a ulemu ndi mawu a mtima. Adzukulu a alongowo ayamba kale kuyeza munda wa kudambo ndi maso. Choncho Loweruka likubwerali ndikubwerera ku Kachebere. Kuli kachipinda kwa mdzukulu wa mlongo wanga. Amene ankandidziwa kumeneko onse ali kumanda, ndikakhala mlendo kwathu komwe. Usalire, Tadala. Mkamwini amadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti adzachoka.

Chimene ndakuuzirani zonsezi ndi ichi. Chiikireni maliro, amayi anu sadapondenso pano. Ngakhale ulendo uno akukwezani minibasi nokha ndi paketi ya shuga, akuti atanganidwa ndi msika. Si msika. Mwana wanga akuganiza kuti adapha amake, ndipo akuopa kundiyang'ana m'maso. Ine ndidamusiya asenze yekha katundu ameneyu chaka chonse, chifukwa kukhala chete kudali kondipepukira.

Mukafika mawa, musadikire kuti adye kaye. Mukamuuze zonse mmene ndakuuziranimu, osachotsapo. Mukati iye adagula tiyi chifukwa chokonda amake ndi kumvera chisoni maondo a bambo wake. Amene adafunsidwa kuti mukuti bwanji ndine, ndipo amene adabweza Naphiri pakhomo atavala kale ndine. Mukamuuzenso kuti munda wa kudambo ndi wake, wa amake, ndipo akapanda kubwera kudzaimapo ndi mapazi ake anthu agawana.

Abwere Loweruka lisanafike, ngakhale asalankhule kanthu, angokhala apa pamene wakhala Chisomopa. Tiyi uja adanditengera mkazi. Sindikufuna anditengerenso mwana.